Mmene ndimawerengera kaboni wa m'nkhalango ya paini pa Excel

Anthu ambiri amene amandipeza ndi nkhani ya kaboni amabwera ndi funso limodzi: hekitala imodzi ya paini imasunga matani angati? Yankho lake limadalira chaka chimene mwafunsira. Chaka chachitatu chidzalireni, mitengo ikadali yanthete ndipo kaboni wake ndi wochepa. Chaka cha 24 nkhalango yadzaza. Chaka cha 26 mwadula, patsala zitsa, nthambi ndi milu ya utuchi. Malo ndi omwewo, koma manambala ndi atatu. Choncho chimene tiyenera kupanga si nambala imodzi ayi, koma kaundula wa chaka ndi chaka wosonyeza kaboni amene walowa, amene watuluka, ndi kumene wotsalayo wakhala. Kaundula ameneyu ndiye model, ndipo mukhoza kuipanga nokha pa Excel popanda kugula pulogalamu ina.

Ndigwiritsa ntchito paini wa Pinus patula, chifukwa ndi amene timamuona kwambiri ku Chikangawa, pa phiri la Zomba ndi ku Dedza. Kwawo kwenikweni ndi ku Mexico. Nkhalango ya Viphya, imene ndi ya ku Chikangawa ija, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inadzalidwa ndi cholinga chodyetsa fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, ndipo mitengoyo inathera ku matabwa ndi ku moto. Mbiri imeneyi ndi yofunika kwa wowerengera kaboni, poti kumene mtengo ukupita ukadulidwa kumasintha masamu onse.

Yambani ndi malire

Musanatsegule kompyuta, lembani papepala zinthu zitatu: malo ake ndi ati ndipo ndi mahekitala angati, mukuwerengera zaka zingati, komanso pamalopo pakanakhala chiyani mukanapanda kudzala. Chachitatuchi anthu amachilumpha, koma ndicho mwini nkhani. Paini wodzalidwa pa munda woguga wawonjezera kaboni. Paini wodzalidwa pamene mwagwetsa mombo, tsamba ndi masuku wayamba ndi ngongole, ndipo ngongoleyo iyenera kuonekera pa mzere woyamba wa kaundula wanu.

Zaka zikhale zokwanira kudula kawiri. Ngati mumadula pa zaka 25, model yanu iyende zaka 50 kapena kupitirira. Model yothera pa chaka chodula imanamiza, chifukwa imaima pamene nambala ili pamwamba penipeni.

Malangizo a mu 2006 a IPCC, gulu la United Nations la akatswiri oona za kusintha kwa nyengo, amagawa kaboni wa m'nkhalango m'nkhokwe zisanu: mtengo wamoyo pamwamba pa nthaka, mizu, mitengo yakufa, masamba ndi tinthambi togwa pansi, ndi kaboni wa m'dothi. Pa nkhalango imene imadulidwa onjezerani yachisanu ndi chimodzi, ya matabwa ndi zonse zimene zatuluka pa lole. Nkhokwe iliyonse ikhale ndi kolamu yake, chaka chilichonse ndi mzere wake.

Kuthengo ndi tepi

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa masamu onse a patsogolo aima pa zimene tepi yanena.

Gawani nkhalango potengera msinkhu ndi mtundu wa mitengo, ndipo m'gawo lililonse muikemo mapuloti angapo, timalo tating'ono toyezeramo mitengo. Malo a puloti musankhiretu pa mapu muli ku ofesi, mwa maere kapena pa mizere yotalikirana mofanana, kenako muwapeze ndi GPS. Mukasankhira kuthengo, mapazi adzakutengerani okha pamene mitengo yaima bwino ndi pafupi ndi msewu, ndipo zigwembe, mipata ndi malo opsa sizidzalowa m'kaundula.

Ine ndimakonda puloti yozungulira. Khomani chikhomo pakati, mangani chingwe cha mamita 11.28, zungulirani nacho. Bwalo limeneli ndi masikweya mita 400, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 25 a hekitala, ndiye chilichonse chimene mwapeza mungochulukitsa ndi 25. Pamtsetse chingwe chikhale chowongoka osati chotsata kutsika kwa nthaka, apo ayi puloti yanu ichepa inu osadziwa. Mtengo wa m'malire umalowa ngati pakati pa thunthu lake pali mkati mwa chingwe.

Mtengo uliwonse umayezedwa pa mamita 1.3 kuchokera pansi, mutaima mbali ya kumtunda. Dulani ndodo ya muyezo umenewo kuti aliyense m'gulu aziyeza pamalo amodzi, wamtali ndi wamfupi yemwe. Chotsani masamba a paini amene aunjikana patsinde ndodo isanaime, poti m'nkhalango yakale amatha kuunjikana kwambiri. Ngati mulibe tepi ya dayamita, tepi ya telala imagwira ntchito: yezani kuzungulira kwa thunthu, mugawe ndi 3.14. Tepi isapotoke ndipo isalendewere kuseri kwa mtengo kumene simukuona. Mtengo woyezedwa muulembe ndi choko. Woyeza atchule nambala, wolemba aibwereze mokweza asanailembe, chifukwa 13 ndi 30 amamveka mofanana mphepo ikamaomba m'paini.

Kutalika simufunika kuyeza mtengo uliwonse. Yezani ingapo pa puloti ndi kachipangizo koyezera kutalika kotchedwa clinometer, yaikulu, yapakati ndi yaing'ono, kenako mujambule mzere wolumikiza dayamita ndi kutalika kuti mupezere yotsalayo. Lembaninso mitengo yakufa imene idakaima, zipika zogona pansi, zitsa zatsopano ndi zipsera za moto. Zitsa zimene sizikupezeka m'mabuku a kudula zikukuuzani za mitengo imene ikutuluka mobedwa, ndipo imeneyonso ndi kaboni wotuluka.

Kuchoka pa sentimita kufika pa matani

Tiyerekeze puloti ya mitengo ya zaka 25 mwapezamo mitengo 16, kutanthauza 400 pa hekitala. Titenge umodzi wa dayamita ya masentimita 30, wotalika mamita 24. Manambalawa ndi ongophunzitsira, inu muikepo anu.

Nkhope ya thunthu mutalidula pa mamita 1.3 ndi 3.14 kuchulukitsa 0.15 (theka la dayamita m'mamita) kuchulukitsanso 0.15, zimene zikupereka masikweya mita 0.0707. Chulukitsani ndi kutalika, kenako ndi nambala ya kuwonda kwa thunthu popita kunsonga, imene pano tiika 0.45. Mtengowo uli ndi makiyubiki mita 0.76. Mitengo 400 yofanana nawo ndi makiyubiki mita 305 pa hekitala.

Thabwa louma la patula limalemera pafupifupi matani 0.45 pa kiyubiki mita, ndiye 305 akusanduka matani 137. Amenewa ndi mathunthu okha. Kuti nthambi, makungwa ndi masamba zilowe, chulukitsani ndi 1.3, mupeza 178. Mizu tiika kuti ndi gawo limodzi mwa anayi a za pamwamba, ndiye chulukitsani ndi 1.25, mupeza 223. Pafupifupi theka la mtengo wouma ndi kaboni, ndipo IPCC imapereka 0.47, choncho hekitala yathu ili ndi matani 105 a kaboni. Ogula kaboni amawerengera mpweya wa CO2 osati kaboni payekha, ndiye chulukitsani ndi 44 kugawa 12, amene ndi 3.67, mupeza matani 385. Pamutu pa kolamu iliyonse lembani ngati ndi C kapena CO2. Malipoti ambiri amasokonekera pa kamfundo kameneka.

Chenjezo limodzi: masamuwa muchite pa mtengo uliwonse payekha kenako muphatikize. Musayambe mwapeza avereji ya dayamita. Mtengo wa masentimita 20 ndi wina wa 40 avereji yake ndi 30, koma nkhope zawo pamodzi ndi 0.157 pomwe mitengo iwiri ya 30 ikupereka 0.141. Mtengo waukulu umanyamula zambiri kuposa mmene diso limaganizira.

Ngati nkhalango yanu ndi ya mitengo yachilengedwe, njira ya thunthu lowongokayi sigwira, poti mombo umagawikana nthambi pafupi. Pamenepo gwiritsani ntchito ma equation opangidwa pogwetsa ndi kuyeza pa sikelo mitengo yeniyeni. Daud Kachamba wa ku LUANAR ndi anzake anatulutsa a nkhalango za miombo za ku Malawi mu 2016, ndipo ndi amene ndingayambe nawo. Pali inanso ya Chave ndi anzake ya mu 2014 ya maiko onse otentha: makilogalamu a mtengo wouma ndi 0.0673 kuchulukitsa zimene mwapeza mutachulukitsa kulemera kwa thabwa (monga 0.45 uja), dayamita ya m'masentimita yochulukitsidwa payokha ndi kutalika m'mamita, n'kuzikweza ku mphamvu ya 0.976. Ziyeseni zonse ziwiri muone kusiyana kwake.

Kukula kwa chaka ndi chaka

Tsopano muli ndi nambala ya chaka chimodzi. Model ikufuna ya chaka chilichonse. Njira yachidule ndi kuyeza magawo a misinkhu yosiyana pa nthaka yofanana, monga a zaka 5, 10, 15, 20 ndi 25, n'kujambula mzere wodutsa pa madonthowo. Mzerewo suwongoka. Umayamba pang'onopang'ono, umathamanga nthambi zikatsekerana, kenako umafooka mitengo ikamakalamba. Equation ya Chapman-Richards imajambula bwino mpangidwe umenewu, ndipo chida cha mu Excel chotchedwa Solver chimakupezerani manambala ake atatu. Funsaninso ku FRIM, nthambi ya boma yofufuza za nkhalango ku Zomba, ngati ali ndi matebulo a kakulidwe ka mtundu wanu. Matebulo otere amawerengera nkhalango yodzaza ndi yosamalidwa pa nthawi yake, ndiye ngati yanu ili ndi mipata, atsitseni potengera zimene mapuloti anu aonetsa.

Kupatulira ndi kudula

Mukadzala motalikirana mamita 3 mbali zonse, hekitala imalowa mbande 1,111. Kufika pa 400 ndiye kuti mitengo yoposa 700 yachoka panjira, ina yafa yokha, ina mwaipatulira. Model yabwino imatsata uliwonse.

Pa chaka chopatulira kapena chodula, lembani lamulo la kumene chiwalo chilichonse chikupita. Zipika zikwera lole. Nthambi ndi nsonga zitsala pansi, zilowa mu nkhokwe ya mitengo yakufa, pokhapokha ngati mumazitentha pokonza malo kapena anthu amazitola nkhuni, pamenepo zatuluka chaka chomwecho. Chitsa ndi mizu ziwolera m'nthaka pang'onopang'ono. Masamba apita ku zinyalala.

Pitani pamacheka mukaone nokha. Chipika chikalowa, thabwa limene limatuluka nthawi zambiri silifika theka la chipikacho. Zotsalazo ndi zigwagwa ndi utuchi. Zigwagwa zina zimamangira nyumba, makola ndi mipanda n'kukhala zaka zingapo, pomwe utuchi umapsa kapena kuwolera pamulu. Yezani zipika khumi zisanalowe, muyezenso matabwa ake, mudziwe gawo lenileni la macheka amene amagula kwa inu. Nambala imeneyi imasintha zotsatira kuposa zinthu zambiri zimene anthu amalimbana nazo pa kompyuta.

Chilichonse chakufa chimatha mwa lamulo limodzi losavuta: chaka chilichonse gawo lofanana la zotsala limachoka. Mukadziwa zaka zimene theka limathera, gawani 0.693 ndi zakazo. IPCC imapereka zaka 35 pa matabwa ochekedwa, 25 pa mabodi ndi 2 pa mapepala. Pa matabwa ndiye kuti pafupifupi 2 peresenti imachoka pa chaka. Ine nambala ya 35 sindiitenga yonse. Thabwa la paini losathiridwa mankhwala m'dera la chiswe, kapena lokhomera konkire pomanga n'kudzathera pamoto wophikira, silikhala zaka zotero. Gawani matabwa anu pawiri, a denga ndi mipando mbali ina, a ntchito zosakhalitsa mbali ina, gulu lililonse ndi zaka zake.

Dothi

Nthawi zambiri masentimita 30 apamwamba a dothi amasunga kaboni wopikisana ndi wa mitengo imene yaimapo. Masamu ake ndi afupi: peresenti ya kaboni kuchulukitsa kulemera kwa dothi louma m'magalamu pa kiyubiki sentimita, kuchulukitsa kuya m'masentimita. Dothi la 2.5 peresenti, lolemera 1.1, pa masentimita 30, lili ndi matani 82.5 pa hekitala. Peresentiyo akupimirani ku labotale monga ya ku Chitedze kapena ku Bunda. Kulemerako mutenga nokha pokhoma kachitsulo kozungulira kodziwika kukula kwake m'mbali mwa dzenje, n'kuumitsa dothilo mu uvuni pa madigiri 105. Miyala muichotsere.

Chovuta ndi kusintha kwake. Dothi limasintha pang'onopang'ono, pomwe kusiyana kwa dzenje ili ndi lina la pafupi n'kwakukulu, ndiye kuyeza kawiri m'zaka zitatu sikungakuuzeni kanthu. Musaganize kuti kudzala mitengo kumakweza kaboni wa m'dothi nthawi zonse. Guo ndi Gifford atasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2002 anapeza kuti kusandutsa malo a msipu kukhala nkhalango yodzala kumatsitsa kaboni wa m'dothi ndi 10 peresenti, pomwe kudzala pa munda wolimidwa kumamukweza ndi 18 peresenti. Kwa ife zimenezi n'zofunika, poti paini wambiri wa m'mapiri anadzalidwa pa udzu. Ngati mulibe miyezo yanu, pa malo a udzu siyani dothi losasintha kapena mulitsitse pang'ono m'zaka 20 zoyamba, ndipo musalonjeze munthu aliyense phindu la m'dothi.

Moto

Model yopanda moto ndi ya nkhalango imene kuno kulibe. Kuyambira Ogasiti kufika Novembala, udzu ndi masamba a paini zikauma, moto wa osaka mbewa, ofula njuchi kapena wa munthu wokwiya ndi malipiro umatha kudya ntchito ya zaka khumi tsiku limodzi. Paini wa patula ali ndi khungwa lopyapyala, wamng'ono sapulumuka.

Tengani mabuku a moto a nkhalango yanu, muone mahekitala amene anapsa chaka ndi chaka, mugawe ndi kukula kwa nkhalango yonse. Tiyerekeze mwapeza 4 peresenti. Ikuoneka yochepa, koma mukachulukitsa 0.96 payokha maulendo 25 mupeza 0.36. Ndiye kuti mwa magawo 100 odzalidwa lero, 36 okha ndiwo adzafike podulidwa moto usanawakhudze. Ikani kolamu ya RAND mu Excel kuti chaka chilichonse kompyuta ichite maere, nambala ikatsika pa 0.04 moto wadutsa. Lamulo la moto likhale lotere: zinyalala ndi tinthambi zapsa zatuluka, mitengo yaing'ono yafa ndipo msinkhu wabwerera pa ziro, yaikulu ina yafa ili chiimire n'kulowa mu nkhokwe ya mitengo yakufa. Yendetsani model maulendo mazana angapo muone pamene zotsatira zambiri zikugwera. Mukatero, tsitsani 4 ija kufika pa 1 muonenso. Kusiyana kumene mudzaone ndiwo mtengo wake wa kulambula misewu yotchinga moto, kulipira alonda pa nthawi yake ndi kukhala bwino ndi midzi yoyandikana nayo. Tsamba limeneli ndi limene ndimaonetsa abwana pokambirana bajeti.

Nambala yoyenera kunena

Onjezerani kolamu yomaliza yodziyesera: kaboni wolowa, kuchotsa wotuluka, kuchotsanso kusintha kwa nkhokwe zonse pamodzi. Iyenera kupereka ziro pa mzere uliwonse. Ikapanda kutero, pali nthambi kapena utuchi umene mwautaya panjira kapena mwauwerenga kawiri.

Kenako jambulani girafu. Idzakwera, idzagwa pang'ono pa kupatulira kulikonse, idzagwa kwambiri pa kudula, n'kuyambanso. Nambala yachilungamo ndi avereji ya zaka zonsezo, osati nsonga. Pa mitengo yamoyo, avereji imeneyi imagwera cha pa theka la nsongayo, ndiye matani 105 aja musawalembe ngati kuti adzakhalapo mpaka kale. Mabungwe otsimikizira malonda a kaboni, monga Verra, amawerengera avereji yomweyi pa nkhalango zodulidwa, ndipo amasungako gawo lina poopa moto ndi ngozi zina.

Palinso mfundo imene imakhumudwitsa eni nkhalango, koma ndi bwino aimve msanga. Tengani mahekitala 250 ogawidwa m'magawo 25 a mahekitala 10, lina la chaka chimodzi, lina la ziwiri, mpaka 25. Chaka chilichonse mukudula gawo limodzi n'kulidzalanso. Mitengo ikukula paliponse, koma kaboni wa m'mitengo yamoyo ya nkhalango yonse sakukwera ndipo sakutsika, poti zimene magawo 24 awonjezera ndi zimene lachi 25 lachotsa. Nkhalango yotere ikusunga kaboni, sikuwonjezera. Kuti awonjezeke, muyenera kudzala malo amene anali opanda mitengo, kutalikitsa zaka zodulira, kuchepetsa moto, kudzalanso msanga m'malo mosiya zitsa zaka zisanu, kapena kupeza matabwa ambiri okhalitsa pa chipika chilichonse. Chilichonse mwa zimenezi chiyeseni mu model, chimodzi pa nthawi, muone chimene chikusuntha avereji kwambiri poyerekeza ndi ndalama zake.

Mapulogalamu opangidwa kale alipo. CO2FIX inachokera ku Wageningen ku Netherlands ndipo imatsata nkhokwe zomwezi. CBM-CFS3 ndi ya nthambi ya nkhalango ya boma la Canada, yamphamvu pa nkhalango zazikulu, koma manambala ake a kawoledwe anakonzedwera dziko lozizira ndipo muyenera kuwasintha. 3-PG ya Landsberg ndi Waring ya mu 1997 imawerengera kukula kuchokera pa dzuwa, mvula ndi nthaka, ndiye imathandiza mukafuna kufunsa za zaka za chilala. Pa dothi pali RothC ya ku Rothamsted ku England, imene imafuna mvula ndi kutentha kwa mwezi uliwonse ndi kuchuluka kwa dongo. EX-ACT ya FAO ndi ya pa Excel ndipo imathandiza poyerekeza mwachangu. Zonsezi mudzazimva bwino mutayamba mwapanga yanu, chifukwa mudzadziwa funso limene bokosi lililonse likufunsa.

Mapuloti ena muwasiye okhazikika. Kwirirani chitsulo pakati, lembani malo ake pa GPS, ikani manambala pa mitengo ndi kadontho ka penti pamene tepi inadutsa, koma kosaonekera patali kuti opatulira asamailambalale. Pakatha zaka zitatu kapena zisanu bwererani mwezi womwewo mukayezenso. Chotsani kaboni wa ulendo woyamba pa wa ulendo wachiwiri, mugawe ndi zaka, mufananitse ndi zimene model inalosera pa zaka zomwezo. Zikasiyana, konzani mzere wa kakulidwe mu model kuti ugwirizane ndi tepi, ndipo mulembe tsiku ndi chifukwa chake pa tsamba loyamba la fayilo kuti wodzagwira ntchitoyi pambuyo panu adzapeze pamene munasiyira.